Mphodza za Munthu Mmodzi

Mpongozi anaika mbale patebulo n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, manja atapinda pachifuwa.

"Ndaphika ngati mmene ankaphikira amayi," anatero. "Mphodza, karoti, tomato, zonse zilimo."

Kalipentala anayang'ana m'mbalemo. Mphodza zinali zitasungunuka ngati phala la mwana, karoti atafewa mpaka kutaya mtundu, mafuta akuyandama pamwamba. Anatenga foloko n'kuizika pakati. Inaima kanthawi, kenako inayamba kupendekeka mpaka inagona. Iye anakankhira mbaleyo pakati pa tebulo ndi zala ziwiri.

"Zikomo," anatero.

Panali patatha masiku anayi chiikireni mkazi wake m'manda. Alendo onse anali atabwerera kwawo. M'nyumba munatsala anthu anayi: Kalipentala mwiniwake, mwana wake wamkazi, mwana wake wamwamuna, ndi mpongozi uja, mkazi wa mwana wamwamunayo. Wamkaziyo anali namwino pachipatala china chakutali, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Nesi. Wamwamunayo ankamuti Kapitawo. Dzinali anamupatsa ndi mayi ake ali ndi zaka zisanu, atamupeza akufoletsa ana anzake pabwalo, iye ali chiimire manja m'chuuno. Tsopano anali atayamba imvi, koma manja anali akadali m'chuuno momwemo.

"Waona, Nesi?" anatero Kapitawo. "N'zimene ndikunenazi. Dzulo anakana mpunga, dzana anakana supu. Lero mlamu wako wawaphikira zawo zomwe zija, akananso."

Nesi anatsegula chikwama. Anatulutsa kamakina koyezera shuga, n'kugwira chala cha bambo ake. Khungu linali louma ngati chikopa cha nsapato, moti anachita kubaya kawiri kuti magazi atuluke. Anawerenga nambala, n'kuusa moyo.

"Watsika kwambiri, bambo. Mankhwala mukumwa, chakudya ayi. Mukufuna tibwererenso kumanda sabata yomweyino?"

"Ndilibe njala."

"Ndiye manja anuwo akunjenjemera ndi kukhuta?"

Kalipentala anabisa manja pansi pa tebulo.

Kapitawo anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. "Bambo, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu. Amene ankakusungani ndi amayi. Inuyo ngakhale dzira simungawiritse. Kwathu chipinda chilipo, chakumbuyo chija, ana tawasamutsa kale. Muzidya nafe, chipatala chilinso pafupi."

"Nyumba ino?"

"Nyumba siisowa wokhalamo. Alamu anga akufunafuna malo oti atsegulepo golosale, ndiye ndimaganiza kuti shedi yanu ija..."

"Ndinakuona dzulo. Ukuyeza."

"Ndimangoona chabe kukula kwake."

"Ndi tepi yanga."

Mpongozi anachotsa mbale ija n'kupita nayo kukhitchini. Inamveka ikugunda m'sinki mwamphamvu.

Nesi anapinda chikwama cha kamakina kaja pang'onopang'ono. "Ine ndikubwerera kuntchito Lamulungu," anatero. "Za golosalezo sizikundikhudza. Koma sindingachoke n'kusiya munthu woti ndidzamve kuti amupeza atauma pakati pa matabwa. Mawa masana mudziphikire nokha, bambo, popanda wokuthandizani, mudye ine ndikuona. Mukatero mutsala m'nyumba mwanu. Mukakanika, mukwera galimoto ya achimwene, ndipo ine ndi amene ndidzalongedze katundu wanu."

Kapitawo anaseka. "Ukuwazunza chabe."

"Mwamva, bambo?"

"Ndamva."

Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo dokotala anali atamuuza kuti ali ndi matenda a shuga. Mkazi wake anali naye m'chipindamo, akulemba zonse kuseri kwa envelopu. Kuyambira sabata imeneyo chakudya chake cha masana sichinasinthenso: saladi ya mphodza zoswa, zachikasu zochotsa makoko zija, zosakaniza ndi nkhaka, karoti, tomato ndi anyezi, pamwamba pake kamsuzi kowawasa kamene mkaziyo ankapanga yekha. Tsiku loyamba iye anafunsa kuti, "Udzu uwu ndi wa mbuzi ya ndani?" Mkazi wake anati, "Ngati simukuufuna, matabwa muli nawo, misomali muli nayo. Khomeranitu bokosi lanu musadzativutitse." Anadya. Dzina la udzu linakhala, ndipo mawu ena okhudza mbale imeneyo iye sanalankhulepo.

Aliyense ankadziwa kuti woyamba kupita adzakhala iyeyo. Ana akaimba foni ankafunsa za shuga wake. Abale akabwera kudzacheza ankamuyang'ana mapazi ngati atupa. Ndiye Lachinayi la sabata yapitayo, masana dzuwa likuswa mtengo, amene anagwa pakati pa sinki ndi sitovu anali mkazi wake. Anafika naye kuchipatala atapita kale.

Loweruka m'mawa, ena onse akumwa tiyi pabalaza, Kalipentala anaima pakhomo la khitchini. Makabati onse a m'menemo anawapanga ndi manja ake, koma zimene zinali mkati sankazidziwa. Mkazi wake akamuona pakhomopo ankati, "Ine ndimabwera kudzagwira sowo wanu?" ndipo iye ankabwerera.

Anatsegula zitseko chimodzichimodzi. Mphodza anazipeza m'chitini cha mkaka, pashelefu yachiwiri. Mkati munali kakapu ka pulasitiki, ndipo pakati pake panali mzere wokala ndi mpeni. Mzere unali chinthu chimene ankachimvetsa. Anatapa mphodza mpaka pamzerepo, n'kusalaza ndi chala.

Zotsatira zake sanazionepo ndi maso, koma ankazidziwa ndi makutu. Shedi yake inali kuseri kwa nyumba, mapazi khumi kuchokera pakhomo la khitchini, ndipo paipi ya sinki inkatayira madzi m'kangalande kodutsa pakhomo pa shediyo. Tsiku lililonse akamaliza tiyi, madzi ankatsika m'paipimo katatu. Kenako mbale yovundikira inkalira, ndiye kunkakhala zii mpaka masana.

Anatsuka mphodza katatu. Madzi oyamba anatuluka oyera ngati mkaka, achitatu anatuluka mbee. Anathira madzi atsopano, anavundikira, n'kutenga thumba la mkazi wake lopachikidwa kuseri kwa chitseko.

Kumsika anayenda mzere wonse wa zamasamba osadziwa pomwe angaime. Mayi wina wonenepa, wokhala kuseri kwa mulu wa kabichi, ndi amene anamuitana.

"Thumba limenelo ndikulidziwa. Ndinu bambo a kwa malemu?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Pepani, bambo. Ndinamva mochedwa." Anapukuta manja pa epuloni, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndinu odya udzu aja. Ankatiuza. Ankati amuna anga amanyoza ndi pakamwa, koma mbale imabwerera ngati yatsukidwa."

"Ankagula chiyani?"

"Nkhaka imodzi, karoti mmodzi, tomato mmodzi, ndimu limodzi. Anyezi ndi jinja ankagula Lolemba, za sabata yonse. Ayi bambo, isiyeni nkhaka imeneyo, yonenepayo ndi njere zokhazokha. Iwo ankatenga yowonda, yolimba. Tomatonso asakhale wopsetsa, amatulutsa madzi. Mayi aja ankatitopetsa, tomato mmodzi ankamusankha ngati akusankha mkamwini."

Anamuikira zonse m'thumba. Pamene iye ankatembenuka, mayiyo anawonjezera kuti, "Muphika nokha?"

"Ndekha."

"Musamatamitse. Ankadana ndi mphodza zomata."

Atabwerera anapita m'shedi. Kwa masiku asanu ndi anayi anali asanagwire chida chilichonse. Anamanga thabwa pabenchi n'kuyamba kupala, kuti pansi pakhale utuchi wa tsiku limodzi la ntchito. Ankaufuna utuchiwo, chifukwa anali atazindikira chinthu china. Masiku onse ikatsala pang'ono kukwana thwelofu, ketulo inkaimba mluzu kukhitchini. Ikakwana, iye ankatenga tsache. Tsache likangokhudza simenti, chivundikiro cha poto chinkalira. Ankasesa kuchokera kukona yakumanzere mpaka pakhomo, n'kuwolera zinyalala, n'kugogoda chowolera katatu pamphepete pa diramu. Akangogogoda kachitatu, madzi otentha ankatsika m'paipi, nthunzi ikukwera m'kangalande. Zaka zonsezi ankaganiza kuti zimangochitika.

Lachinayi lija anagogoda katatu, madzi sanatsike. Anadikira. Mumtima anati mkaziyo wayamba macheza ndi aneba pampanda. Anatenga tchizulo yosemera matabwa n'kuinola. Anatenga ina n'kuinolanso, mkwiyo ukukula. Atamaliza yachiwiriyo ndi pamene anapita kukaona. Za matchizulo awiriwo sanauze munthu aliyense.

Itakwana thwelofu anawiritsa madzi m'ketulo, anawathira m'poto, anayatsa sitovu. Anakhetsa mphodza, zitatupa tsopano, n'kuzikhuthulira m'madzi owira. Anavundikira, anatuluka, anatenga tsache.

Anali atafika pakati pa shedi pamene anamva mawu a mpongozi.

"Abale, tabwerani mudzaone. Gasi akuyaka, poto akusefukira, mwini wake kulibe."

Kapitawo anafika pakhomo la shedi akupumira m'mwamba. "Bambo, mwasiya moto."

"Ndikudziwa."

"Mwaiwala."

"Sindinaiwale."

"Nanga kuno mukutani?"

"Ndikusesa."

Kapitawo anatembenukira kwa mlongo wake amene anali atafika kumbuyo kwake. "Wamva? Akusesa. Chikhala kuti mlamu wako sanalowemo, bwenzi pano tikuitana ozimitsa moto. Ndipo iwe ukufuna kuwasiya okha ndi silinda ya gasi."

Kalipentala anasiya tsache n'kudutsa pakati pawo. Kukhitchini anapeza sitovu itazimitsidwa, poto atasunthidwa, chivundikiro chili padera. Sanadziwe kuti zawira nthawi yaitali bwanji, kapena zakhala m'madzi otenthawo nthawi yaitali bwanji. Anatapa zochepa ndi supuni n'kufinya pakati pa zala. Kunja zinali zitafewa, mkati zili gwa. Anayang'ana mpongozi wake.

"Ine ndimangoteteza nyumba, bambo," anatero mpongozi. "Musandiyang'ane choncho."

Nesi anamugwira mkono. Mawu ake anali atasintha, atakhala ofewa, a kuntchito. "Bambo, takhalani pansi kaye. Lero ndi lachingati?"

Iye anachotsa mkono wake.

"Tangondiyankhani. Lero ndi lachingati?"

"Loweruka. Amayi ako anagwa Lachinayi la sabata yatha. Iwe unafika Loweruka ngati lero, atagona kale masiku awiri m'firiji ya kuchipatala. Ufunsenso china?"

Nesi anayang'ana pansi.

Kalipentala anakhuthulira mphodza zija m'ndowa ya zinyalala. Anatsegula chitini, anatapa zina mpaka pamzere, anatsuka katatu, anaviika, anavundikira.

"Masana atha," anatero Kapitawo. "Tinagwirizana kuti masana."

"Dzuwa silinalowe, achimwene," anatero Nesi osamuyang'ana. Anasenda nthochi, anaidula pakati, n'kupatsa bambo ake theka. "Iyi ndi mankhwala, siili m'mayeso. Idyani."

Anadya ali chiimire, n'kubwerera m'shedi. Anakhala pampando wosamalizidwa kwa maola atatu. Mawu a ana ake ankamufika kudzera pachitseko chotsegula, akukwera n'kutsika. Anamva Kapitawo akunena kuti pamaliro onse amene anathamangathamanga ndi iyeyo. Anamva Nesi akunena kuti munthu wokhala mtunda wa theka la ola sankayenera kudikira maliro kuti aone nyumba ya makolo ake. Anamva mpongozi akunena kuti iye zakubanja la eni sazilowerera, kenako n'kuzilowerera kwa nthawi yaitali.

Itatsala pang'ono kukwana folo anaimirira, anagwira diramu ya zinyalala, n'kuipendeketsa. Utuchi umene anali atasesa unakhuthukira pansi. Anaumwaza ndi phazi, wambiri pafupi ndi benchi, wochepa kumakona, monga umakhalira ntchito ikatha.

Mpongozi anali akuanula zovala pachingwe. Anaima, malaya ali m'manja. "Bambo a ana, tabwerani. Tsopano akumwaza zimene anasesa zija."

Kapitawo anabwera, anaona, n'kupukusa mutu. "Nesi, ndiwe wachipatala. Izi mumazitcha chiyani kwanuko?"

Nesi anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Kenako anawatsatira kukhitchini, anaona akuthira mphodza m'madzi owira, anaona akutulukanso. Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi sitovu.

"Wogwira poto ameneyu adana ndi ine," anatero.

Kalipentala anasesa monga mwa masiku onse, osafulumira, osachedwa. Kona yomaliza anaisiya, chifukwa tsopano panali mapazi khumi oti ayende amene kale kunalibe. Anawolera, anagogoda katatu padiramu, analowa m'khitchini, anazimitsa moto, n'kukhuthulira poto musefa. Anatsegula mpopi wa madzi ozizira. Atafinya imodzi pakati pa zala, inaphwanyika koma siinamate.

Nesi anayang'ana wotchi yake. "Mphindi zisanu ndi ziwiri. Munadziwa bwanji?"

"Sindidziwa za mphindi. Wotchi ya amayi ako ndinali ine."

Anayanika mphodza m'mbale yaikulu kuti zizizire. Mpeni wa kukhitchini anauyesa pachikhadabo, anaupeza wobuntha, n'kukaunola kaye. Nkhaka anaidula m'litali kanayi, kenako m'tizidutswa tofanana, kukula ngati nsonga ya chala chaching'ono, chifukwa m'kamwa mwake munkakumbukira choncho. Karoti anamupala n'kumukwecha. Tomato anamuchotsa njere. Anyezi anadula chigawo chimodzi chokha, chopyapyala, maso akutuluka misozi imene sanaipukute poopa kuti wina angaiyese ina.

Kamsuzi ndiko kanamuvuta. M'chitseko cha firiji anapeza botolo la jamu, pansi pake patatsala kamsuzi ka supuni imodzi, komaliza kamene mkazi wake anapanga. Analitsegula n'kununkhiza. Anaviikamo chala n'kulawa, maso ali chitsinzinire. Munthu akamubweretsera mwendo wa mpando kuti apange wina wofanana nawo, ankachita chimodzimodzi: kuugwira kaye mpaka manja auloweze.

Anatenga botolo lina. Anafinyiramo ndimu, anathira mafuta, anakwechera jinja, anaika kamchere ka pakati pa zala ziwiri. Anatseka n'kukhutchumula. Phokoso lake linali lomwe lija ankalimva m'shedi, ndipo mpongozi amene ankadutsa pakhomo anaima kaye. Analawa. Kanali kowawasa mopweteka mano. Analawanso ka mkazi wake. Anafufuza m'kabati mpaka anapeza uchi, anathira nsonga ya supuni, anakhutchumulanso. Kanali kasanafike. Panatsala kenakake koyabwa kukhosi. Anatsegula timabotolo tonse ta pashelefu akununkhiza, mpaka anapeza tsabola wakuda wopera. Atalawa kachitatu, anatseka botolo la mkazi wake n'kulibwezera m'firiji pamene linali.

Anathira kamsuzi, anasakaniza ndi masupuni awiri, n'kunyamula mbaleyo kupita nayo patebulo.

Mpongozi anali atayala mbale zinayi ndi mafoloko anayi. "Tilaweko nafenso," anatero. "Tione chimene ife timalephera."

Kalipentala anakhuthulira saladi m'mbale yoyamba. Inadzaza bwinobwino, monga inkadzazira masiku onse. Anayang'ana m'mbale yaikulu ija. Munalibe kanthu.

"Basi?" anatero Kapitawo. "Tsiku lonse lathunthu, kambale kamodzi? Mwalakwitsa muyezo."

"Muyezo ndi wa amayi ako."

Anayang'ana mbale yodzazayo, anayang'ana zitatu zopanda kanthu. Nkhaka imodzi, karoti mmodzi, tomato mmodzi. Mkazi wake ankaika mbale patsogolo pake n'kunena kuti, "Yambani, ndikubwera." Iye ankayamba, ankamaliza, ankabwerera m'shedi.

"Nanga iwo ankadya chiyani?" anafunsa.

"Mukufunsa ine?" anatero Nesi. "Amene munali nawo m'nyumba ndinu."

"Ndikufunsa."

"Buledi ndi majarini. Tiyi wa masupuni atatu a shuga, ali chiimire pasinki. Zotsala za dzulo ngati zilipo. Ndawafunsa aneba, ndi amene andiuza. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amene ndinkawatumizira ndawapeza m'dirowa ya nsalu, mabokosi anayi osatsegula n'komwe." Mawu ake sanakwere. "Zaka khumi ndi chimodzi mukukhala pampando umenewo, bambo. Simunafunse n'kamodzi komwe kuti nanga mbale yanu ili kuti."

Kalipentala anakoka mpando n'kukhala. Anatenga foloko.

"Iwenso," anatero. "Foni zako zonse zinali za shuga wanga."



"Ine ndinkawauza kuti apeze wantchito," anatero Kapitawo. "Ndinawauza kangapo konse."



Anadya anthu atatu akumuyang'ana. Mphodza zinali zolimba pang'ono pansi pa mano, nkhaka ikulira, ndimu akubwera kaye kenako jinja. Zinali zomwezo. Akanakonda zikanakhala zosiyana. Anameza foloko iliyonse, mpaka anapala ndi mphodza zomaliza za m'mphepete. Anaika foloko m'mbale.

"Atsala," anatero Nesi.

"Chifukwa cha kambale kamodzi?" Kapitawo anaimirira. "Mawa akadzagwa, udzabwera ndiwe? Udzafikanso patatha masiku awiri?"

"Ndinati akaphika atsala. Aphika."

"Chifundo chako chidzawapha."

"Si chifundo, achimwene. Atsale m'nyumba muno. Azidzuka, azitsuka mphodza katatu, azipita okha kumsika, aziima pamene ankaima amayi. Tsiku lililonse. Kwanu akanakangokhala n'kumadikira mbale ngati kale." Anatembenukira kwa bambo ake. "Ndiziimba foni Lamulungu lililonse. Mukapanda kuyankha, nditumiza aneba."

"Chabwino."

Kapitawo anauza mkazi wake kuti alongedze, anyamuka madzulo omwewo. Ankatulutsa zikwama akulankhula yekha za anthu osayamika. Atafika pakhomo ndi chikwama chomaliza, bambo ake anamuitana.

"Kapitawo."

Anatembenuka msanga, nkhope itamasuka pang'ono. "Bambo?"

"Tepi yanga."

Kapitawo anaitulutsa m'thumba la jekete, anaiika pamkono wa sofa, n'kutuluka osatsanzika.

Nesi ananyamuka m'mawa mwake. Anasiya kamakina ka shuga patebulo ndi pepala la nthawi zomwera mankhwala. Pageti anawagwira bambo ake dzanja, osawakumbatira. Iye anamunyamulira chikwama mpaka pamsewu, anadikira basi naye.

Masana anaphika. Anasesa, anagogoda, anakhetsa, anadula. Anadya yekha patebulo la mipando isanu ndi umodzi. Atamaliza ananyamula mbale kupita nayo kusinki, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirireni.

Pamwamba pa sinki panali zenera lokhala ndi katani yochindikala ya maluwa ofiira, yotseka nthawi zonse chifukwa cha dzuwa la masana. Akutsuka, anaona kuti kona imodzi yapansi inali yopindidwa m'mwamba n'kugwidwa ndi phini. Phiniyo inali itachita dzimbiri mpaka kudetsa nsalu. Anasuzumira pakampata kaja, n'kuona nthaka ndi kangalande basi.

Mkazi wake anali wamfupi, ankamulekeza m'phewa. Anagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onyowa, n'kupinda mawondo pang'onopang'ono mpaka maso ake anafika pamene pankafika a mkaziyo. Pakampatapo panaoneka khomo la shedi, benchi yonse, ndi malo enieni amene iye ankaima akamapala, pomwe munthu wa shuga akanagwera likanakhala tsiku lake.

Anakhala chipindire akuyang'ana benchiyo. Benchi imeneyo anaiika yekha mmene inalili, ndipo zaka zonsezo ankagwira ntchito atafulatira zenera.